Kabelu ka Bambo Harold

Amene akuti ndine wabodza aimirire tione ngati nsapato zake zinapondapo njanji ya ku Romford, ku London. Inu Achimwene Gondwe musapukuse mutu, nthawi imeneyo ndege munkangoionera m'mwamba.

Chinali chaka chimene ankamanga bwalo latsopano la Wembley, ine ndikugwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, kumene anandilowetsa ndi mlongo wanga Esnati atalumbira kwa manijala kuti ndine munthu wodekha. Kumeneko kunali nkhalamba ina, Bambo Harold, amene paunyamata wawo ankayendetsa sitima ku Canada. Mutu unali utayamba kuwathawa, mwana wawo sankamuzindikira, koma patebulo la m'chipinda mwawo anayala kanjanji ndi kasitima kachidole, pamphumi pake pali kabelu kochepa ngati nzama. Tsiku ndi tsiku ankandidandaulira kuti sitima za kuno n'zamwano, zimangokuwa ndi hutala, pamene za ku Canada zimaliza belu, ndipo munthu wa kunjanji akamva belu miyendo imadumpha yokha mutu usanaganize.

Tsiku limenelo masana ndinatsegula chitseko chakumbuyo, n'kuchitchinga ndi ndowa kuti chisatsekeke, n'kupita kukakoka kandudu kamodzi basi. Pobwera, mpando wa mdala uli wokhawokha. Kubafa kulibe, kukhitchini kulibe, pansi pa bedi ndinapezako sokosi. Esnati anandikokera pakona.

"Achimwene, kuseri kwa mpandawu kuli njanji. Mdala uja akagundidwa, ine ndi inu tikwera ndege, ndipo kwa amayi mukafotokoza ndinu."

Ndinathyola kabelu kaja pakasitima, kudumpha mpanda, kudumpha wina, kudumpha galimoto ya mkaka ndi dalaivala wake yemwe, ndipo patali ndinawaona Bambo Harold akuyenda pakati pa njanji atavala zogonera, kumbuyo kwawo sitima yochokera m'tauni ikubwera ngati yaba, hutala ikulira mpaka kusasa mawu, iwo osacheuka n'komwe, poti hutala ankaiyesa phokoso la ana. Kuthamanga sindikanafika. Ndinagwira kabelu ndi zala ziwiri, n'kukamenya ndi kachitsulo ka zipi ya buluku langa. Ngee.

Mukumva? Mawu aja analowa m'njanji n'kuthamanga mpaka ku Barking, nkhunda zonse za kumeneko zinagwa chagada, mtsinje wa Thames unabwerera chammbuyo kukamvetsera bwino, wotchi yaikulu ija ya m'tauni inachita manyazi n'kukhala chete sabata yathunthu, ndipo dalaivala anaponda buleki mwamphamvu moti mateyala achitsulo anasanduka a makona anayi. Ndinamenyanso. Ngee. Bambo Harold anadumphira pambali ngati mnyamata, n'kuimenyera sawatcha sitima ikudutsa motsimphina. Ndikanama ndife lero lomwe.

Koma pali pamene ndinalakwitsa. Ine belu ndinaphunzirira kutchalitchi kwathu, ndipo zinthu zikavuta dzanja limabwerera ku zakale: kumenya kamodzi, kudikira, kumenyanso kamodzi. Nonse mukudziwa kuti kuliza kotero n'kwa maliro. Mmalawi aliyense mu London anamva. Manesi anasiya majakisoni ali lende m'mwamba, amayi kumanga zitenje pamwamba pa yunifolomu, ana a ku yunivesite kutuluka mayeso ali mkati, mabasi a ku Wembley kudzaza mpaka ena kukhala padenga, moti pamene ndinkafika ndi mdala kumsana, ndinapeza masamba atayalidwa kale pamsewu, magalimoto a azungu akuyenda pang'onopang'ono osadziwa chifukwa, azibambo atakhala panja mbali yawo, azimayi m'kati atayamba nyimbo yachitatu.

Mkulu wa mpingo wina anandigwira dzanja. "Pepani bambo. Watisiya ndani?"

Ndisanatsegule pakamwa, Bambo Harold anatsika kumsana, kukakhala pakati pa azimayi, n'kulira kuposa onse, kenako anafunsa ngati tiyi wapsa. Anthu anabalalika madzulo akundiloza zala, ndipo mpaka lero ena sandipatsa moni, ati ndinawadyera shifiti.

M'mawa mwake manijala anatiitana awiri. Esnati sanamuchotse ntchito, poti mdala analibe ngakhale kabala. Ine anandifunsa za ndowa ija, n'kundiuza kuti ndisiye makiyi patebulo. Ndinamufotokozera zonse monga ndakufotokozerani inu, n'kumuikira kabelu m'manja. Anavala magalasi, kukatembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti n'kapulasitiki, kalibe lilime, kalibe ngakhale mphako, sikangalire ndi pang'ono pomwe.

Ndipo sananame mayi uja, n'kapulasitiki ndithu. Ndiye taganizani, Achimwene Gondwe, kakanakhala kachitsulo, lero bwenzi mukukhala mu London yake iti?