Phazi la Eni m'Chikwama Changa

Azakhali anga amene anandilera ku Maramba ankati mnzako ungamubwereke poto, ungamubwereke chitenje, koma chikhadabo chako ndi pamene waponda usamusiyire, ngakhale akhale wa bere limodzi. Ndinawamvera. Kumvera kumeneko n'kumene kunachititsa kuti ndipume ntchito ndikali wotsuka mabala.

Zinali m'zaka zija za nkhondo kutsidya kwa mlatho wa pamalire, pamene khomo lililonse ankakusecha chikwama polowa ndi potuluka. Ine ndinkagwira ntchito pa kiliniki, kutsuka zilonda za kumapazi za odwala khate ndi shuga. Kunabwera msonkhano wa akatswiri a mapazi, ndipo ametironi anatitenga tonse, antchito ndi ophunzira unesi, kupita ku holo ina m'tauni. Anatiuzanso kuti ukatha asankha munthu mmodzi wokachita kosi ku Lusaka. Oyembekezera tinali awiri, ine ndi ba Namakau, mayi woseka ndi aliyense (anthu otere ine ndimawayang'ana kawiri).

Chakum'mawa dokotala wa ku Lusaka anati akufuna anthu anayi avule nsapato, ophunzira ayeserere kuwenga zikhadabo ndi kuumba phazi ndi pulasitala, monga achitira pofuna kusokera wodwala nsapato yomuyenera. Amene anatchula dzina langa anali ba Namakau. Kukana sindikanatha, chifukwa mkazi wa tcheyamani wa chipani, amene anatsegulira msonkhanowo, anali atavula kale zake kuti apereke chitsanzo.

Anatikhazika pabenchi tonse anayi, pansi atayala nyuzipepala imodzi. Ine maso anali pa zikhadabo zanga, koma zinkadumpha n'kusakanikira ndi za anzanga. Nthawi ya tiyi itakwana ndinamva ba Namakau akufunsa komwe kuli tsache. Ndinathamangira panyuzipepala paja iwo asanalipeze. Popeza sindinathe kuzindikira zanga, ndinakokolola zonse, n'kumanga m'kampango, n'kuponya m'chikwama.

Kunatsala phazi. Mapazi a pulasitala aja anawandanda pakhonde kuti aume, opanda mayina, manambala okha. Ndinafunsa wophunzira amene anandiumba, ndipo anayankha bwinobwino: "Yanu ni namba fili, ba sisita." Koma mtsikana ameneyu ndinali nditamuona akunyema chitumbuwa m'mbale ya ba Namakau. Ndiye ndinati namba fili ayi. Ndinayendera mapazi onse ngati wogula nkhuku, n'kusankha loyamba, lotambalala, zala zake zomwazikana, ndendende langa. Ndinalikulunga m'juzi.

Zimene anaphunzitsa masana sindinamvepo kanthu. Phazi linali lisanaume, chikwama chinkanyowa pamiyendo panga, ndipo ba Namakau, amene anakhala pambali panga, anandifunsa kawiri ngati ndikudwala malungo. Kenako ametironi anaimirira kutsogolo n'kulengeza kuti phazi limodzi lasowa pakhonde, ndipo ndi la amayi alendo athu olemekezeka.

Ndinaganiza zolisiya pansi pa mpando, koma anthu anali atayamba kale kuyang'ana pansi pa mipando. Ndinaganiza za kuchimbudzi, koma njira yake inadutsa pomwe panaima amuna a chipani osecha zikwama. Ndinaima pamzere ndikupemphera kuti wosechayo akhale waulesi. Sanali waulesi. Anatulutsa juzi, phazi n'kugubuduka patebulo. Kenako anamasula kampango kaja, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Ba mayo," anatero motsitsa mawu, "imwe muli na zala zingati?"

Mkazi wa tcheyamani anabwera pang'onopang'ono, nayang'ana phazi lake, nayang'ana zikhadabo, nandiyang'ana ine.

"Manje phazi yanga mwenze kuipeleka kuti?"

Ndinagwada n'kufotokoza zonse, kuti ndinkafuna langa lokha, kuti kwathu zinthu zotere sitisiya poyera. Ndinkadikira apolisi. Koma mayi aja anangogwedeza mutu ngati munthu amene wakumbutsidwa nkhani yofunika. Anatenga phazi lawo n'kuika m'chikwama chawo, dokotala akuyesa kuwauza kuti likufunika posoka nsapato. Anatenganso kampango konse. Zikhadabo zanga zinapita kwawo, pagalimoto ya chipani.

Nditathamangira pakhonde, namba fili panalibe. Ba Namakau anati analisungira m'sitolo, kachipinda kosungiramo katundu paholopo, kuti lisasweke, koma m'sitolomo sindinalipeze, ndipo ametironi anandiuza kuti ndikatchulanso mawu oti phazi ndikalembe kalata yosiya ntchito. Ku Lusaka kunapita ba Namakau. Pobwerako anandibweretsera sopo wonunkhira (ndinamutaya m'dzenje).

Ndikudziwa, ndikanamvera mtsikana uja bwenzi nditaba phazi langa lomwe n'kutuluka nalo mwaulemu. Koma inu, pulasitala yokha ingayende kuchoka m'sitolo?

Masiku ano phazi lakumanzere, lomwe lija anaumba, limatupa madzulo alionse. Mdzukulu wanga, yemwe ndi nesi, akuti ndi ukalamba ndi mchere. Mwina. Ndimakhala ndekha cha ku Nakatindi, ndipo kufika pageti kwayamba kundivuta. Mukamadutsa, mukaona kuti masiku awiri apita makatani ali chitsekere, gogodani. Mutchule dzina lanu ndi la amayi anu, muime pamene ndingaone manja anu onse awiri, ndipo mankhwala opaka musabwere nawo.