Prisca Walowa mu Netiweki Yathu

Lolemba

Ntchito ya sabata ino ndi imodzi: zithunzi za ukwati wa mwana wanga Nelia zichoke mu laputopu yanga, zikalowe mu kompyuta ya bambo ake, chifukwa pulinta imamvera yawoyo basi. Lamulungu makolo a mkamwini akubwera kudzatenga alubamu. Zithunzizi kulibenso kwina. Wojambula anafufuta kale zake kuti akajambule ukwati wina ku Katete.

Fulashi yathu yosamutsira zithunzi inasowa. Bambo a Nelia akuti sanaione. Chabwino.

Nelia pa foni kuchokera ku Lusaka: "Amama, n'zosavuta. Dinani pa foda, musankhe kugawana ndi aliyense, basi." Ndadina. Ndalola aliyense kuona, kusintha, zonse. Ine si womana.

Pa kompyuta ya bambo ake sipakuoneka kanthu. Mawa.

Lachiwiri

Ndikutsegula pa Netiweki mu laputopu kuti ndipeze kompyuta ya abambo. Pakuoneka imodzi yokha. Dzina lake: PRISCA-PC.

Prisca?!

M'nyumba muno muli anthu awiri ndi mphaka. Mphakayo ndi wamwamuna.

Zaka zonsezi munthu sanatchepo ngakhale nkhuku dzina langa, lero makina ali ndi dzina la mkazi. Pa chakudya ndafunsa mofatsa ngati ndikufunsa za mchere: "Prisca ndani?" Iwo: "Prisca uti?"

Uti! Kani alipo ambiri.

Lachitatu

Abambo apita kukaphunzitsa. Ndathimitsa kompyuta yawo, ndazula pulagi, ndaiphimba ndi chitenje. Ndikuyang'ananso mu laputopu. Prisca alipobe!

Ndiye si makina awo. Ndi munthu, ali pafupi, akudya waifai yathu. Amene ndikuwakayikira:

nesi wa lendi kuseri kwa mpanda, amene amapereka moni kwa abambo mano onse pamtunda;

mayi wa saluni pakona paja (abambo ali ndi dazi, koma njira yawo ndi yomweyo tsiku lililonse);

mmodzi wa kwaya, sindinasankhe kuti ndi uti.

Masana ndalimba mtima, ndadina pa Prisca. Sanandifunse n'komwe pasiwedi, alibe manyazi. Mkati muli foda: Ukwati wa Nelia. Zonse! Mwana wanga ali m'velo, abambo ali mu suti, ine ndikulira m'tchalitchi chipewa chitapendama. Ndinati aliyense, inde, koma sindinatanthauze aliyense aliyense.

Mtima ukundiwawa, sindikunama.

Lachinayi

Ndasintha pasiwedi ya rauta, kabokosi ka waifai kaja. Nelia wanditsogolera pa foni, sindinamuuze chifukwa. Yatsopanoyo ndauza munthu mmodzi yekha, mwamuna wanga, kenako ndakhala moyang'anizana naye. Foni yawo ili m'thumba. Sanatuluke. Ndikulowetsa pasiwedi mu laputopu, ndikutsegula Netiweki.

Prisca!

Amuuza bwanji? Anakanda khutu kawiri ali pafupi ndi windo. Ndaona.

Nesi uja akuti dzina lake ndi Agnesi. Akuti.

Foda ikukanabe kufika pa kompyuta ya abambo, koma kwa Prisca ikupita mothamanga. Ndatumiza mawu ku Mtenguleni kwa amalume, ankhoswe athu, kuti Loweruka abwere. Nkhani yakula.

Lachisanu

Prisca angatenge mwamuna, koma zithunzi za mwana amene ndinabereka ine, ayi.

Ndalowa mwa Prisca, ndasankha zonse, ndadina kufufuta. Makina akufunsa ngati ndikufunadi kufufutiratu. Funso lanji limenelo! Eya. Ndaonerera kamzere kobiriwira kakuyenda mpaka kumapeto. Foda yake yatsala mbee.

Ndatseka laputopu, ndamwa tiyi wamkaka ndi mabanzi awiri. Zosindikiza ndiona mawa, lero ndi tsiku lopuma.

Abambo abwera ndi nthochi. Munthu wosalakwa amagula nthochi Lachisanu?

Loweruka

Amalume afika ndi minibasi ya m'mawa, jekete la maliro lili pathupi. Takhala pabalaza. Ndafotokoza zonse mwadongosolo: dzina, saluni, khutu. Umboni ndauika patebulo.

Abambo avala magalasi, akoka laputopu, adina apa, adina apo, atsegula pamene pamalembedwa dzina la makinawo, anditembenuzira.

PRISCA-PC.

"Mayi a Nelia, laputopu iyi munaigula kuti?"

Pa shopu ya zogwiritsidwapo kale ntchito, pafupi ndi msika wa Kapata. Ndinagula ndekha. Ndinanenerera mtengo ndekha. Mwini wake woyamba sindinamufunse dzina.

Amalume: "Ndiye mkazi wachiwiriyo ndinu nomwe?" Sanaseke. Akanaseka bwenzi zili bwinoko.

Abambo apita pa kompyuta yawo, asintha kena kake kamodzi kamene kanali kuiletsa kuona makina ena. Mphindi ziwiri zokha! Foda yanga yatulukira pa sikirini yawo, ntchito ya sabata yonse yatheka.

Mulibe kanthu.

Mu laputopu, mulibe. Mu bini mopita zofufutidwa, mulibe. Akuti zofufutidwa kudzera pa netiweki sizidutsa mu bini. Abambo atenga makina kupita nawo kwa okonza m'tauni, abwerako madzulo akupukusa mutu.

Ndakhala pansi, pa simenti. Amalume adya nthochi zija, abwerera kwawo.

Lamulungu

Misa sindinaimve. Zimene zatsala, titapempha kwa achibale pa foni:

zithunzi zinayi za keke;

chimodzi cha msana wa mkwati;

chimodzi cha mlamu wanga akudzijambula yekha, Nelia akuoneka phewa.

Makolo a mkamwini afika masana, ovala bwino, mayi wake atanyamula nsalu yokulungira alubamu. Nelia ali pa foni, mawu atsegulidwa kuti tonse timve. Ine ndaima ndi thireyi ya makapu. Ndikutsegula pakamwa kuti ndinene, abambo andiposa.

"Mutikhululukire. Ndine ndafufuta. Ndinadina molakwika, maso akalamba."

Nelia walira. Wawakalipira atate ake pamaso pa alendo, mawu amene sanawanenepo chibadwire. Iwo akungoti, "Eya, mwanangu. Wanena zoona, mwanangu." Sanandiyang'ane ngakhale kamodzi.

Alendo apita ndi nsalu yawo yopindapinda.

Munthu sasenza mlandu wa mnzake popanda chimene akubisa. Ndakhala pakhonde ndikuganiza: saluni, kwaya, nesi, fulashi. Ndatembenuza uku ndi uku mpaka dzuwa lapendeka.

Palibe. Sindinapeze kanthu.

Abambo ndawatenthetsera madzi osamba.