Ulendo wokaona mtengo wa malata

Lolemba

Ndaganiza. Loweruka ndikupita ndi Anaphiri ku tauni, awiriwiri, kukagona konko n'kubwerako Lamulungu. Chikwatiranireni sitinayendepo ulendo woti kulibe maliro, chinkhoswe kapena chipatala. Ana akula, wotsiriza ali ku sekondale yogonera konko. Ndikufuna masiku awiri okhala ndi mkazi wanga popanda wogogoda.

Foni imene ananditumizira Chisomo, mwana wathu woyamba, ili ndi mapu. Netiweki imagwira bwino pachulu kuseri kwa sukulu yomwe ndimaphunzitsa, ndiye ndaima pamenepo ngati mbuzi. Mapu akuti kuchoka pa Namitete kukafika ku Lilongwe sipatha ola. Mapuwa sanakwerepo minibasi yodikira anthu pa Msundwe.

Zomwe ndapeza:
– loji ya nyenyezi zinayi, wina walemba kuti madzi otentha amatuluka okha pampopi
– malo odyera a mipando ya pakapinga
– malo osungirako nyama zakutchire, pakati penipeni pa tauni

Pa malo odyerawo wina wapereka nyenyezi imodzi chifukwa nkhuku inachedwa kubwera. Ameneyo sanathamangitsepo nkhuku.

Lachiwiri

Loji ndaimbira, chipinda andisungira. Chatsala n'kuwauza Anaphiri.

Apa ndiye pavuta. Mkulu wa mpingo, imvi zili mbuu, ndiyambe bwanji kunena kuti tiyeni tikayende? Ndawapeza akusenda mtedza pakhonde. Ndatsokomola. Chomwe chatuluka pakamwa n'chakuti, “Loweruka tipite ku tauni tikaone mtengo wa malata.”

Andiyang'ana pang'ono. “Khitchini ikudonthadi,” atero, n'kupitiriza kusenda.

Palibe kanthu. Zenizeni ndikawauza tikakwera minibasi.

Lachitatu

Nkhani yafika pamjigo. Munthu wopita ku tauni sapita chimanjamanja, ndinaiwala zimenezi. Pofika masana khonde ladzaza:
– thumba la mtedza la mwana wa Anambewe, oyandikana nafe, amene amakhala ku Kawale
– ufa wa wophunzira wina, sindikumudziwa n'komwe
– wailesi yakufa ya a mlembi a mpingo, akuti ku tauni kuli wodziwa kukonza
– tambala wamoyo

Tambalayo ndi wa alamu anga, achimwene awo a Anaphiri, a ku Chinsapo. Ndiye kuti nawonso amva.

Kukana sindingathe. Chaka chatha ufa wa Chisomo unapita pamutu pa Anambewe omwewa. Pa mapu ndaonjeza Kawale ndi Chinsapo, ndipo mzere uja wapindika ngati chingwe cha mbuzi. Zokaona nyama zakutchire ndachotsa. Tambala akwanira.

Lachinayi

Alamu aimba foni. Ndinalakwitsa kutchula kuti malo ogona tapeza kale.

“Alamu, mugone pa loji ife tili moyo? Kodi tinakulakwirani chiyani? Anthu akamva adzati chiyani?”

Ndayesa kunena kuti sitikufuna kuwavutitsa. Akuti mlendo savutitsa, ndipo mphasa agula kale. Ndakwera pachulu, ndaimbira a loji kuti sitibwera. Mtsikana wa kumeneko wayankha mwaulemu kwambiri mpaka zandipweteka.

Ndafufuza nyumba ya alamu pa mapu. Ilibe nyenyezi, ilibe ndemanga. Akanalola kulemba, ndikanatchulapo za mzere wa kubafa.

Malo odyera aja akadalipo. Loweruka masana tidzazemba, ife awiri. Zimenezi zokha sindilola kuti zife.

Lachisanu

Apongozi akupita nawo! Akuti adzukulu a ku Chinsapo sanawaone kalekale, ndipo poti pali odziwa njira, bwanji osatsagana nawo. Uthengawu wadzera kwa Anaphiri, poti ine ndi apongozi sitiyankhulana maso ndi maso. Tikakumana panjira, wina amalowa m'chimanga.

Ndiye minibasi yake tikhala bwanji? Anaphiri akonza kale. Ine kutsogolo ndi tambala, iwo kumbuyo ndi mayi awo. Zonena mu minibasi zija zathera pomwepo.

Madzulo kwabwera mmisiri, watumidwa ndi Anaphiri. Wakwera pa khitchini, wayeza, watsika. Akuti mitengo ya denga nayonso yafumbwa. Ine ndangoti inde.

Ndakhumudwa, ndisabise. Bodza langa lomwe likundiyendetsa.

Loweruka

Pa Msundwe tadikira mpaka tambala walira. Kondakitala akuti tambalayo walipira theka, asamasokose ngati munthu.

Ku Kawale mapu akuti tikhotere kumanzere. Kumanzereko kuli ngalande. Mwana wa Anambewe tamupeza pofunsa mayi wogulitsa tomato, amene watilozera ndi mlomo. Wokonza wailesi anasamuka. Wailesi ndikuyenda nayo.

Alamu atilandira bwino, sindinganame. Koma amva za malata, ndipo ali ndi mnzawo wogulitsa. Masana onse tathera m'mashopu, alamu patsogolo, kugogoda lata lililonse ndi chala. Anaphiri anenerera mtengo mpaka mwini shopu wapukuta thukuta. Ndalama ya loji ndi ya nkhuku ija yalowa m'malata.

Malo odyera aja ndawaona pawindo la minibasi. Kapinga palibe, pano akugulitsapo matayala. Ndayang'ananso ndemanga zija, zonse n'zakalekale. Sindinaone zimenezo ndili pachulu.

Kogona: ine pabalaza ndi anyamata a alamu, Anaphiri kuchipinda ndi mayi awo. Lero lonse mawu amene ndayankhula ndi mkazi wanga ndi akuti, “Gwirani wailesi.”

Lamulungu

Ku tchalitchi cha alamu andiimiritsa ngati mlendo, andipatsanso pemphero lotsekera. Apongozi atsala, akuti abwera mwezi wamawa.

Minibasi yakana malata. Alamu atipezera lole yopita ku Mchinji, ndipo takwera kumbuyo, ine ndi Anaphiri, titakhalira malata athu. Mphepo, fumbi, phokoso. Kuyankhula n'kosatheka.

Pa Mpingu dalaivala waima kuti adye. Kwakhala zii. Anaphiri atsegula chikwama kufuna mpango, ndipo pansi pake ndaona diresi la buluu lomwe sindinalionepo, lopindidwa bwino, ndi nsapato zake.

Aona kuti ndaona.

“Ndinasoketsa Lachitatu,” atero. “Inu bambo a Chisomo, malata munayamba mwawafunsapo mtengo liti? Ndinadziwa. Ndimangodikira kuti munene.”

Ndafunsa chifukwa chake anauza anthu pamjigo.

“Anandifunsa kuti mukukatani ku tauni. Inu munati malata. Ine ndikanati chiyani?”

Atseka chikwama, dalaivala waliza injini.

Tafika dzuwa likulowa. Malata tatsamiritsa kukhoma, wailesi ndabweza kwa eni ake ili yakufabe. Diresi lalowa m'sutikesi losavalidwa. Mmisiri akuti abwera mawa m'mawa, ndimupezeretu misomali.