Sitiroko yanga ya pa siteji ya Limbe

Anzanga, munthu ukatsala wekha m'nyumba umawerenga chilichonse. Ine ndimawerenga kope lomwe mwana wanga Tereza anasiya kwathu ku Chinyonga atamaliza sukulu ya zachipatala n'kupita kukagwira ntchito ku Karonga. Akuphunzira, womufunsa mafunso ndinali ine, iye akusita yunifolomu. Mtsempha wakutsogolo kwa ubongo ukatseka? Mwendo umafooka. Wapakati? Kukamwa kumapindika, mkono umagwa, mawu samveka. Wakumbuyo? Munthu amaona mbali imodzi yokha. Pa wapakatipo sitinkachedwapo, chifukwa ndi umene unatenga mayi ake, ife tikungoti mwina atopa.

Chaka chinatha Tereza osabwera. Ndikaimba foni, ankangoti, “Ababa, ndili mu wodi, ndiimbanso.” Ndinkamusowa mwanayu, osati pang'ono.

Ndiye tsiku lina ndavala magalasi anga, ndapita m'tauni kukagula mazipi ndi ulusi, paja ndine telala. Pobwerera mu minibasi tathithikana anayi pa mpando, mayi wina wandisanjikiza thumba la mbatata pamwendo, kondakitala naye wandigunda ndi chigongono kumaso potsegula chitseko pa Chichiri, osapepesa n'komwe. Tafika pa Limbe, ndati nditsike, mwendo wakumanzere kulibe! Ndinangoti khu, pafupi ndi mayi wogulitsa nthochi, mazipi mbwee.

Mumtima ndinati, wakutsogolo uwu. Podzutsa mutu, mbali yakumanja yonse chifunga chokhachokha. Wakumbuyonso! Mukanakhala inu mukanatani? Ndinakuwa, “Sitiroko! Musandipatse madzi, ndithandizeni kuimbira mwana wanga!”

Anthu anaunjikana, oitanira minibasi mpaka anasiya ntchito. Wina akundikupiza ndi katoni, mayi wa nthochi uja wayamba kale pemphero. Tereza anayankha, ndipo atangomva mawu akuti sitiroko sanati ali mu wodi. Anayatsa vidiyo, bambo wina n'kundigwirira foni.

“Ababa, mwetulirani.” Ndinamwetulira, mano onse pamtunda, Limbe yense akuonerera. “Kwezani manja onse awiri.” Ndinakweza ngati wagwidwa ndi apolisi. “Tchulani dzina langa lonse.” Ndinatchula, mpaka la agogo ake a ku Milanje.

“Wapakati uli bwino,” ndinamuuza, “koma wakutsogolo ndi wakumbuyo yapita.”

“Iwiri nthawi imodzi? Musasunthe, apeze galimoto mupite kuchipatala pompano. Ine ndikwera basi lero lomwe.”

Apa m'pamene mwendo unayamba kunyerenyetsa, dzanzi la mbatata lija likutha. Ndinaumva bwinobwino, zala zikugwedera mu nsapato. Kodi ndinanena? Ayi ndithu. Mwana wati akubwera, ine ndiulule za mwendo? Misozi inayamba kulengeza, yeniyeni. Ndinakweza chala kuti ndipukute diso lakumanja, chala chija n'kudutsa m'magalasi mpaka kukafika m'diso.

Tereza anayandikiza nkhope pafoni.

“Ababa, galasi lakumanja lili kuti?”

Kondakitala uja analipeza pansi pa mpando. Anthu anaseka mpaka ena kugwira pamimba, mayi wa nthochi anangoti ameni pakati pa pemphero, ine n'kudzuka ndi miyendo yanga iwiri kuyamba kutola mazipi. Manyazi ake, ndinalakalaka nditalowa m'ngalande.

Tereza anaseka, kenako analira. Anati ndinachita bwino kuimba msanga, sitiroko siidikira, ndipo ndipitebe akandiyeze magazi ngati akuthamanga. Kenako anafunsa motsitsa mawu, “Mwendowo unatsitsimuka nthawi yanji?”

“Utanena za basi,” ndinavomera.

Anabwera Loweruka. Anakhala masiku anayi, anandiperekeza kokonzetsa magalasi, ndipo kope lija analitenga, akuti landikwanira.

Ndalumbira, sindidzadziyezanso matenda pa siteji. Koma galasi lakumanzere nalo layamba kugwedera, ndipo sindinauze wokonza aliyense.