Tsiku limene ndinataya akuluakulu a ku Ireland mu bin

"Achimwene, mutu wanu ukuyenda bwino? Mwataya malemu a eni ake mu bin!"

Amenewo anali anaPhiri, supervisor wathu, pa foni. Ine mtima wanga sukhalira kupsa, ndiye ndinabweza mokweza: "Malemu ake ati? Ine ndataya zinyalala!"

Ndimasamalira mayi wina wachikulire wachiairishi ku Finglas, kuno ku Ireland. Tsikulo kunkabwera bambo mfumu a kwathu kudzawapatsa ukalistiya. Pokonza pabalaza ndinaona timapepala takale tisanu ndi kamodzi tomata kukhoma, tojambulapo anthu a mitu ngati maungu, makutu ataliatali, timiyendo ngati timitengo ta machesi, wina chimimba ngati ng'oma atagwira botolo. Kwathu chithunzi cha munthu wamkulu chimakhala cha jekete ndi tayi, nkhope yaulemu. Ndinati awa ndi masewera a adzukulu, ansembe asaone zamanyazi. Ndinamatula tonse mayiwo ali mtulo, n'kupachikapo kalendala (ndinadziyamikiranso, ine chitsiru).

"Achimimbawo ndi malemu amuna awo," anatero anaPhiri. "Ndi amene ankalipirira alakatuli kusindikiza mabuku. Enawo ndi alembi otchuka dziko lonse lino. Anawajambula ndi katswiri, limodzi pa tebulo. Kuno akakujambula monyodola chonchi ndiye kuti ndiwe munthu."

"Ulemu wanji wotalikitsa munthu makutu?"

"Mukafunse ku Job Centre pokasaka ntchito ina! Mayiwo akulira. Mwana wawo akuti zithunzizo zikapanda kupezeka, musadzapondenso pakhomopo."

Chimene sindinaulule n'chakuti bin ya mayiwo inali yodzaza, ndiye ndinaponya mwa neba. Neba wake uti, sindinkakumbuka. Ndipo lole yotenga zinyalala imadutsa m'mawa mwake.

Kutacha ndinakwera basi yoyamba kuchokera ku Blanchardstown kumene ndimakhala. Ma bin anali atandandalika msewu wonse, obiriwira okhaokha, ofanana ngati ana a sukulu. Ndinavula jekete n'kuyamba kupisa, bambo wa zaka fifty-two, mutu m'kati, matako kumwamba. Mayi wina anatsegula zenera n'kundifunsa mwachifundo ngati ndadya. Mu bin ya nambala seveni ndinawapeza, atakhala pansi pa zitini za nyemba.

Ndinawapukuta ndi malaya anga mmodzimmodzi. Nditafika pa achimimba aja, ndinavula chipewa, pamsewu pomwepo, n'kunena kuti, "Pepani bambo."