Bowo la M'sipika ya Ba Saidi

Ndani wasekayo? Iwe wa chipewa chofiira, seka ndithu mano akadalipo. Mwawaona Ba Saidi atelala dzulo akujambulidwa ndi azungu aja ofunafuna malekodi akale, atavala jekete dzuwa lonse lija, akusisita sipika yawo yokalamba ngati mwana woyamba, ndiye mwangoti basi, ndi iwowo anapeza bandi ya Minga ya Kabwata. Bodza! Anaipeza ndine, Mabvuto Phiri, womata matayala a njinga pansi pa mtengo uno kuyambira mbendera isanasinthe, ndipo ngati ndikunama pampu iyi indiphulikire m'manja.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, munthu sunkalowa mumsika muno wopanda khadi, wailesi italamulidwa kuti iziimba zakwathu, moti aliyense wokhala ndi gitala ankayenda ngati nduna. Makutu anga masiku amenewo sanali awa mukuwaonawa. Chubu chikamatuluka mpweya ku Avondale, ine ndili pano ndinkamva, ndinkadziwanso ngati ndi tayala lakutsogolo kapena lakumbuyo, ndipo mwini njinga pofika ankapeza chigamba ndadula kale, guluu ndapaka, ndikungomudikira. Mukumva?

Tsiku lina panaima galimoto yaitali, mphuno yake ili pano, kumbuyo kwake kukadakhota ku Kamwala. Munatuluka Ba Mwanza a ku Kabulonga, amene anali atangobwera kuchokera kumaphunziro kunja.

"Shani, ba Mabvuto," anatero. "Bakamba ati imwe mumamvela vonse mu Lusaka. Nifuna bandi pa Loweluka masana. Iziimba nyimbo za kumunzi, manje na magitala ya malaiti, ya magetsi, na kaja kaimbidwe ka kunja, ka positi panki."

Ine Chingerezi ndinkachidziwa mpaka Angerezi eni ake akasowa mawu ankabwera kudzabwereka kwa ine, ndiye sindikanafunsa ngati mbuli. Positi ndinkaidziwa, ili mu Cairo Road. Panki ndinangoona kuti ndi kuponcha kwa tayala, kungoti munthu akakhalitsa kunja lilime limapindika. Ndinati mumtima, bwanayu akufuna wapositi woponcha, ndipo wabwera kwa mwini wake wa nkhani zoponcha.

Ndinanyamuka wapansi, liwiro lake loti chithunzithunzi changa chinatopa n'kukwera minibasi, chinandipeza mawa lake ku Chelstone chili wefuwefu. Kumeneko ndinamva anyamata akuimba Chingerezi chosadziwa ngakhale iwo eni, ndinadutsa. Ku Woodlands ndinapeza ena akukanda gitala mwaulemu ngati akuopa kudzutsa abusa, ndinadutsanso. Njinga zonse zapositi ndinazimvetsera imodzi imodzi, zonse zili gwa, mpaka tsiku lachitatu, nditaima pakati pa mafakitale a ku Heavy Industrial, makina akulira, malole akubangula, ndinamva kampweya kakuti fyiii, ndipo pamwamba pa kampweyako munthu akuimba nyimbo ya pamtondo ya kwathu ku Katete. Ndinatsatira. Anali Lazalo wopereka makalata, akukankha njinga yophwa tayala, akuomba chikwama cha makalata ngati ng'oma. Ndinakuwa kuti positi yaponcha, mbalame zonse za mu Lusaka zinauluka.

Ndinamumatira tayala, iye n'kunditengera kwawo, ndipo kwawoko kunali kuno ku Kabwata komwe, tinjira tiwiri kuchokera pamtengo uno. Anali ndi gitala ya chigubu cha mafuta yomangirira mawaya amagetsi, ng'oma ziwiri, ndi mlongo wake Tisiyane amene ankasinja nsinjiro pakhomo akuimba. Amuna inu, mawu a mkazi uja! Zovala zonyowa pachingwe zinauma nthawi yomweyo, nkhuku ya aneba inaikira dzira lophikaphika, ine mtima unatsikira m'nsapato. Ndinamukonda pomwepo, sindibisa.

Chinkasowa ndi sipika. M'dera lonse inali imodzi, ya Saidi telala, mwana wa Achawa aja anachokera ku Malawi. Ndinapita ndekha, ndi miyendo yanga iyi, kukamupempha, ndipo tsiku limenelo bola ndikanathyoka mwendo. Anabwera sipika ili pamutu, tepi ili m'khosi, akuti bandi siimba yopanda yunifomu. Lazalo anamuyeza kamodzi. Koma Tisiyane anamuyeza, ndinawerenga ndekha, kasanu ndi kawiri, diresi limodzi lokha, mtsikanayo akungoseka kuti tepi ikumugirigisha.

Loweruka masana tinafika ku Kabulonga, pakapinga pa Ba Mwanza, alendo atadzaza ndi masuti awo. Nyimbo yoyamba inatuluka yoyera bwino ngati ya kwaya, anthu n'kuyamba kuyasamula, Ba Mwanza n'kundiyang'ana.

"Ba Mabvuto, za kumunzi nazimvela. Manje panki ili kuti?"

Apa ndiye tcherani makutu. Ndinatulutsa sipoko ya njinga m'thumba, ndinazembera kuseri kwa sipika, ndinabaya pakati penipeni, kamodzi kokha, phwi! Gitala ya Lazalo inalira ngati njuchi zatsekeredwa m'ndowa, yokalipa, yosasa, yoswa chifuwa, ndipo pamwamba pa phokoso lonselo mawu a Tisiyane akungoyandama ndi nyimbo ya pamtondo, mango aawisi anayoyoka n'kupsa asanafike pansi, agalu a ku Kabulonga amene ankauwa m'Chingerezi anayamba kuuwa m'Chinyanja, ku mafakitale anthu anaweruka poganiza kuti wezulo yalira, mzere wa anthu odikira mafuta ophikira mu Cairo Road unavina kuchokera kutsogolo mpaka kumchira popanda mmodzi kutaya malo ake, anyamata achipani pachipata cha msika anavina mpaka kuiwala kufunsa makadi, ndipo agogo ena a ku Katete komweko analemba kalata yodandaula kuti misi yawo ikudumpha yokha m'mitondo. Mukumva? Kalatayo anaibweretsa Lazalo yemweyo.

Ba Mwanza anavula tayi n'kuiponya padenga.

"Iyi ndiye panki! Sipika ni ya ndani?"

Saidi anaimika dzanja. Munthu amene sankadziwa n'komwe chachitika, amene nkhope inali itagwa poganiza kuti katundu wake wawonongeka, anamunyamula m'mwamba ngati wagoletsa chigoli. Ankamufunsa kuti sipika yotere anaigula dziko liti, iye n'kumangomwetulira ngati wanzeru. Tisiyane anamupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. Bandi inamveka pawailesi, dzina la Minga ndinapereka ndine, koma woulutsa ankatchula Saidi. Mvula isanathe Saidi ndi Tisiyane anakwatirana, ndipo njinga zimene zinanyamula katundu wa mkwatibwi ndinazipopa ine, ndi pampu yomweyi. Mpaka lero ndikamawaona awiriwo akugawana chimanga chootcha pakhonde la shopu, ndimatembenuka n'kuyamba kupopa tayala lopopa kale.

Iwe wachipewa ukufunsa kuti bwanji sindinanene pomwepo kuti wabaya ndine. Sendera kuno, ndisakuwe. Zoti ndinkaganiza za panki pobaya paja, zimenezo ndimawonjezera. M'nyimbo ija muli mawu akuti mwamuna wanga bwera udye, ndipo Tisiyane powaimba anayang'ana Saidi, osati ine amene ndinayenda Lusaka yense masiku atatu. Ndinafuna sipikayo ife, phwando lithe, telala achite manyazi pamaso pa mabwana. Tsono ukanakhala iwe, ukanaimirira pagulu n'kunena kuti ndimafuna kuwononga koma zakoma mwangozi?

Musakawauze Ba Saidi, ndi achikulire tsopano, ndipo malaya angawa amandisokera ndi iwo. Koma dzulo ndinawaona azunguwo, atatha kujambula jekete lija anagwada pansi, kamera n'kuiyandikitsa penipeni pa sipika, ndipo chimene ankajambula ndinachiona ndi maso anga. Sipika ndi yawo, mkazi ndi wawo, koma bowo lija ndi langa.