Tiyi Wosawawa wa Mayi a Kunyumba

Lolemba
Anamwino a ku Dambe akuti shuga wanga wakwera. Shuga wa mu tiyi ndisiye lero lomwe, apo ayi maso ndi miyendo zili pangozi. Adzandiyezanso Lolemba likudzali. Ine munthu wa masupuni anayi! Tiyi wamba wopanda shuga ndalawa, ndalavula. Basi, ndisaka masamba osawawa.

Lachiwiri
Nkhani yafika kale mudzi wonse. Pakhonde pali:
masamba a mapeyala
chamwamba
makoko a manachesi
nimu mtolo wathunthu, wochokera kwa alamu anga.
Iwo akuti, "Mankhwala osawawa ndi madzi chabe." Amwe okha!

Lachitatu
Mapeyala: kufiira kokha, kukoma ayi. Chamwamba: ngati msuzi wa ndiwo zopanda mchere. Manachesi anyenga mphuno, kukhosi kuwawa. Ndikungozungulira pabwalo, kumunda wa mbatatesi sindinapondeko. Ndakalipira nkhuku zosalakwa.

Lachinayi
Mayi a kunyumba andiphikira udzu wa mandimu. Abale inu! Kununkhira, kutsekemera! Ndawafunsa kawiri ngati athiramo shuga, alumbira kuti ngakhale kambewu. Makapu atatu.

Lachisanu
Makapu asanu. Ndanyamula fulasiki kupita kwa a Zuze, anzanga a kukwaya, nawonso a matenda omwewa. Amaliza yonse. Akuti ndine dokotala. Sindikukana.

Loweruka
Ndalowa kukhitchini, ndavundukula poto. Udzu ulimo ndithu. Pansi pake nzimbe zoduladula, theka la poto! Mayi osatekeseka n'komwe: "Anamwino anati shuga. Nzimbe anazitchula? Ndizingokuonererani mukukalipira nkhuku?"
Nanga a Zuze? Foni yawo sikugwira, ndathamanga wapansi mpaka kwawo. Ndapeza akazi awo akusenda nzimbe. Eti mayiwo anabwera kwathu m'mamawa kudzafunsa kaphikidwe.

Lamulungu
Mawa chala chibayidwa, ndipo ndikuopa zenizeni. Kutchalitchi ulaliki sindinaumve, ndimangowerenga zilembo za pakhoma kuyesa maso. Ndawiritsa ndekha udzu wokhawokha, nditaima pambali pa poto ngati mlonda. Suwawa, sutsekemera, ndi madzi onunkhira basi. Ndamwa.
A Zuze atumiza mawu kuti mawa ndiwadikire tipitire limodzi. Akufuna ndikhale pomwepo pamene azikauza anamwino dzina la dokotala wawo.